Marozi anga ndi manda a aMasina

Mbiri ya ulimi wa maluwa m'boma la Ntcheu ikadzalembedwa, dzina langa lidzakhala patsamba loyamba. Sindikudzitama. M'dera lonse la Tsangano, kumene mwana amadziwa kachewere asanadziwe dzina la bambo ake, ine ndiye ndinayamba kulima marozi mwasayansi. Ndinenso munthu yekhayo amene anagwidwa dzuwa lili paliwombo atagwada pamanda a eni ake akununkhiza zotsatira.

Mtima umenewu ndinautenga kukoleji ya zaulimi, komwe sindinamalize. Ena amati anandiwida. Ine ndimati ine ndi kolejiyo tinasiyana maganizo pankhani ya masamu (iwo anali ndi mayankho awo, ine ndinali ndi anga). Ndinabwerera kumudzi ndi chikwama, magambutsi ndi mawu akuluakulu oti n'kundikwanira mpaka ukalamba.

Kuseri kwa nyumba ya amayi kuli kamalo kachonde pomwe kale panali khola la ng'ombe. Amalume anga aNgozo, amene mawu awo sabwezedwa pabanja pathu, ankafuna kudzalapo kachewere wa mbewu. Ine ndinapempha kuti ndidzalepo maluwa ogulitsa pamaukwati.

Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chipwitikizi. "Ndakupatsa chaka chimodzi, mphwanga. Akapezeka wamisala mnzako wogula, malowo ndi ako. Akapanda kupezeka, uzula wekha, ndipo mizere ya kachewere wanga uunga wekha."

Ndinadzala mitundu itatu. Wofiira ndinakagula ku Lilongwe, duwa lake lalikulu ngati chibakera, lonunkhira, koma wosachedwa kudwala ngati mwana wa bwana. Woyera ndinapempha tinthambi kunyumba ya ansembe, ndipo ankakula mofatsa ngati akusala kudya. Wachikasu ndinamutenga kutsidya kwa msewu, ku Mozambiki, pampanda wa munthu wina. Ameneyu anali ndi minga yambiri kuposa masamba, ndipo sankasamala kaya wathiriridwa kaya ayi.

Wamisala mnzanga uja anapezekadi: mayi wina wa kuboma wokongoletsa maukwati. Anabwera, anazungulira dimbalo, nati, "Za kukongola sindikufunsa, achimwene. Ukwati wa kuno mkwatibwi amafika mochedwa, pelekanipelekani amatha dzuwa litapendeka. Ine ndikufuna duwa loti likadulidwa lipirire dzuwa osagwetsa mutu. Mundiuze ndi liti mwa atatuwa, ndizidzatenga onse a mtundu umenewo."

Basitu, tsogolo langa linaima pafunso limodzi: afote mochedwa ndani? Ndinakonza zoti akadzamasula bwino ndidzadule onse tsiku limodzi, ndiwaike padzuwa limodzi, ndidzaone wogonja.

Pamenepa ndiyenera kutchula aMasina, mkulu wina woyandikana nafe, amene sankadutsa popita ku bawo osaima pampanda wanga.

"Aphunzi, mwaswera? Kodi zimenezi amatendera kapena amangofutsa?"

"Sadya, agogo."

"Oho. Ndiye sukulu yonse ija munkaphunzira kulima minga? Ife kwathu minga imamera yokha."

Ankatero tsiku ndi tsiku, mawu ake omwewo, ndipo ankadziseka okha mpaka kutsokomola.

Marozi anamasula m'chilimwe, nthawi imene tchire lonse lapsa ndipo m'mudzi mulibe duwa ngakhale la dzungu. Sabata yomweyo aMasina anatisiya.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinamva "Odi!" kuseri kwa nyumba. Anali amayi a kumpingo, mabeseni m'manja, mipeni ili pamwamba. Wowatsogolera, aNajere, anali atalowa kale pakati pa mizere.

"Tadzathyola maluwa a nkhata."

Onetsetsani kuti sanati tadzapempha.

"Amayi, pepani, amenewa ndi a kafukufuku."

"Kafukufukuyo ndi amene adzakukumbire manda iwe?"

Ndinatembenukira kwa amayi anga kuti andithandize. Iwo anali atabwera ndi beseni lawo. Kwathu kuno munthu ungakane ngongole, ungakane ukwati, koma sungakanize chinthu pamaliro, pokhapokha ngati uli ndi pulani yodzadziika wekha m'manda. Ndinangoima potero manja kumbuyo ngati mwini munda woolowa manja. Anadula ofiira, oyera, achikasu, ndi omwe anali asanatsegule n'komwe. ANajere atabayidwa ndi munga anandiyang'ana ngati ndauika ndine.

Maliro ake anali okongola, ndisaname. Woyendetsa mwambo anaitana oyala nkhata: mayi wamasiye, ana, abale, ampingo, anzawo a pa bawo. Anthu anatha, nkhata zikadalipo. Mpaka anati, "Aliyense amene anawadziwa malemuwa." Munthu amene sanaonepo phindu la duwa m'moyo wake anagona pansi pa dimba langa lonse.

Nyimbo yomaliza ili m'kati, nzeru inandibwerera (nzeru zanga zimabwera nthawi zolakwika, n'chifukwa chake mayeso zinkawaphonya). Maluwa onsewa adulidwa m'mawa umodzi. Ali padothi limodzi. Dzuwa likuwaomba ndi limodzi. Kafukufuku wolongosoka chotere ngakhale aphunzitsi anga aja sakanamukonza. Chotsala chinali kumabwera kudzaona basi.

Ndinkadziwa bwino kuti kumanda salowako popanda maliro kapena chilolezo cha eni ake. Ndinaganizako zokapempha kwa aYohane, mng'ono wa malemuwo. Koma ndikanayamba bwanji? "Pepani ndi zovutazi, ndingakaoneko kuti ndi duwa liti lafota pa achimwene anu?" Ndinasankha kupita ndekha, masana. Maganizo anga anali akuti afiti amayenda usiku, choncho wopita masana aliyense aona kuti ndi munthu wabwino.

Ulendo woyamba ndinangosuzumira ndili chiimire. Wofiira wa ku Lilongwe anali atagwetsa kale mutu, ndalama zanga zija. Ulendo wachiwiri woyera anali atasanduka wa khaki. Wachikasu ali njo, ngati sanamve kuti wadulidwa. Ulendo wotsatira ndinati ndione mwachifatse. Ndinagwada. Ndinanunkhiza nkhata iliyonse. Ndinathyolako masamba a duwa a mtundu uliwonse n'kuika m'thumba la malaya. Kenako, pofuna kudziwa kuti dothilo likutentha bwanji, ndinatapako pang'ono m'dzanja.

"Mayo ine! Mfiti! Mfiti masana!"

Anali mayi wina wochokera kuchitsime, ndowa itagwa kale pansi. Sindinadziwe kuti mudzi wathu uli ndi anthu othamanga chonchi. Ndisanasase m'maondo, mpingo wonse wa pamaliro uja unali utabweranso m'mphepete mwa manda, kupatula kwaya. Ananditulutsira kunjira. AYohane anafika ali wefuwefu.

"Mukutani pa achimwene anga?"

"Ndikuyerekeza mitundu, bambo."

"Mitundu ya chiyani?"

"Yofota msanga ndi yofota mochedwa."

Panamveka kung'ung'udza. Ndinazindikira kuti ndayankha zoona koma sizinandithandize.

"Tulutsani zam'thumbazo."

Ndinatulutsa: chofiira, choyera, chachikasu.

"Nanga m'dzanjamo?"

Ndinatambasula dzanja. Dothi la pamanda. (Kwa inu a m'tauni amene simudziwa: munthu wogwidwa ndi dothi la pamanda safunsidwanso funso lina.)

"N'chifukwa chake anam'thamangitsa kusukulu," anatero wina kumbuyo. Mnzawo wa pa bawo anakumbutsa anthu kuti malemuwo ankandinena tsiku lililonse, ndipo anamwalira sabata imene maluwa anga anamasula. Aliyense anati "Eyadi!" Ndinaona mnyamata wina wamkulu akuyang'anayang'ana pansi, ndipo sindikhulupirira kuti ankafuna maluwa.

Amalume anafika osathamanga, khasu lili paphewa. Anamvetsera zonse, anandiyang'ana, kenako anayang'ana gululo.

"Abale anga, mwanayu ndamulera ndine. Ufiti umafuna mutu. Uyu masamu anam'kanika, lichero angaliulutse? Angagwe nalo pachigayo pomwepa. Ndi chitsiru chabe, ndipo ndi chathu."

Anayamba kuseka ndi aNajere, kenako ena onse. Ngakhale aYohane anabisa pakamwa. M'moyo wanga wonse sindinayamikirepo kutukwanidwa ngati tsiku limenelo. Akuluakulu anagamula pomwepo kuti ndibweze dothi ndi masambawo pomwe ndinazitenga, anthu akuona, ndiponso ndikapepese kubanjako ndi tambala.

Madzulo ake ndinaimbira mayi wa maukwati uja. "Mayi, yankho lapezeka. Wachikasu."

"Zoona? Munayesa bwanji?"

Munthu wasayansi sabisa njira yake. Ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane.

"Achimwene, mukufuna ndikaike patebulo la mkwatibwi duwa loti linapambana mpikisano kumanda? Anthu akamva, ndidzakongoletsanso ukwati wa ndani?"

Ndinayesa kunena kuti duwalo silidziwa komwe linayesedwa, koma foni inali itaduka.

Amalume sanadikire kuti chaka chikwane. Kutacha ndinapeza khasu litatsamira pachitseko changa. Wofiira ndi woyera anazuka mosavuta. Wachikasu anandilemba mikono yonse, ndipo mpaka lero amaphukabe pakati pa kachewere wa amalume, iwo n'kumandiitana kuti ndidzachotse "katswiri wako uja".

Mukandifunsa chomwe ndinaphunzirapo, ndikuuzani mosabisa: ngati mukufuna rozi wopirira dzuwa, dzalani wachikasu. Umboni ndili nawo, kungoti sungaperekedwe pagulu. Tambala uja ndinam'gula K4,500, atanditsitsirako chifukwa anali wa diso limodzi.