Nthochi za Eni Ake

Mukadzaona munthu ataimirira pakati pa lesitilanti, chifuwa chili patsogolo, akukuwa kuti "Ndiitanireni manijala!" musafulumire kumuchemerera. Mupemphereni. Ine ndinakuwapo choncho ku Indianapolis, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimagwira kumutu ngakhale ndili ndekha m'galimoto.

Chaka chimenecho apongozi anga aamuna anabwera kuno kudzachotsa ng'ala m'maso, ndipo ankakhala nafe ku South Bend. Amenewa anali ahedi a sukulu kwathu ku Ntcheu, komanso ndi mkulu wa mpingo wosaseka ndi tchimo. Kunena zoona, sanandikondepo. Mwana wawo ndi nesi, ndipo iwo ankayembekeza kuti adzakwatiwa ndi dokotala, koma anangoona kwabwera ine, wosambitsa okalamba. Sanandinyozepo ayi. Ankangoti "Akamwini, mwadzuka?" kenako n'kutsegula Baibulo ndisanamalize kuyankha. Zimenezi zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha loti adzanene kuti mwana wawo sanataike.

Mwayi unapezeka pa apointimenti yawo yoyamba kwa dokotala wa maso ku Indianapolis. Mkazi wanga, mayi a Tadala, anali pa shifiti, ndiye wodiraiva ndinali ine. Njira yonse ndinkawaphunzitsa za Amereka (munthu amene anaphunzitsa theka la boma la Ntcheu, taganizani).

"Bambo, kuno kasitomala ndi mfumu," ndinatero. "Nsapato mutha kuvala, zikakuthinani mukabweza, ndipo akuthokozani. Kungoti uyenera kudziwa kukomplena."

"Chabwino," anatero, akuyang'ana minda ya chimanga kunja.

Kuchipatala anatichedwetsa. Anawathira mankhwala m'maso moti potuluka ankangoona chimbuuzi, ndipo ndinkachita kuwagwira mkono. Nthawi ya nkhomaliro inali itadutsa kalekale, chonsecho iwo ali ndi shuga. Ndinati tigule buledi wa nyama pakati uja, iwo anakana.

"Buledi ndi wa m'mawa, akamwini. Kulibe mpunga kuno?"

Ndinakumbukira kuti m'mbali mwa msewu wa Lafayette muli kalesitilanti ka Athai komwe ndinkangokadutsa pokagula ufa. Athai ndi anthu a mpunga, ndinatero mumtima, basi tathandizika.

Titalowa tinapeza mwamuna wa msinkhu wangawu, nkhope ili gwa, foni ili kukhutu. Sanatipatse moni. Anangoloza tebulo ndi chibwano n'kulowa kukhitchini.

"Kodi mafumu kuno salonjeredwa?" anafunsa apongozi motsitsa mawu.

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Tinakhala. Tinadikira. Mkulu wa foni uja anatuluka, n'kupakira zakudya za anthu odzatenga, n'kulowanso osatiyang'ana. Ndinakweza dzanja, sanaone. Ndinakhosomola, sanamve. Nditacheuka ndinaona apongozi akutuluka thukuta pamphumi, manja akunjenjemera patebulo. Shuga anali atatsika. Ntchito yanga ndi imeneyi, ndimadziwa kuti pamenepo sipochedwa.

Ndipo maso anga anagwera pakona, pafupi ndi khomo. Panali kashelefu kofiira, kosema bwino. Pamwamba pake mbale ya nthochi zakupsa bwino ndi malalanje, maluwa, ndi botolo la chakumwa chofiira, lotsegula kale, kapaipi komwera kali momwemo. Pambali pankafuka timitengo tonunkhira (ine ndinati n'tothamangitsira fungo la anyezi). Kumbuyo kunali chithunzi cha bambo wina wovala taye (ine ndinati ndi mwini malo, paja kwathu m'sitolo timapachika chithunzi cha pulezidenti). Kubanki kuno amaika maswiti m'mbale kuti makasitomala azitenga. Ndiye ndinati, ehe, ngakhale wantchito wawo ndi wamwano, eni ake amaganizira anthu.

Ndinanyamula mbale yonse pamodzi ndi botolo lija n'kukaika pamaso pa apongozi.

"Yambani izi, bambo. N'zaulere, n'za makasitomala."

Mkulu wa mpingo sadya osapemphera, ngakhale shuga atsike bwanji. Anavula chipewa n'kudalitsa zipatsozo mokweza, kudalitsa manja amene anazikonza, ndi mtima umene unaganizira alendo. Ine ndinavomera "Ameni" wamphamvu. Anadya nthochi, anakoka chakumwa chija ndi kapaipi mpaka pansi, nkhope inayamba kubwerera. Inenso ndinasenda lalanje, poti njala sinasankhe.

Mkulu wa m'lesitilanti uja anatuluka ndi makapu a madzi. Atationa anaima chilili. Anayang'ana pakona paja, anayang'ana makoko a nthochi.

"Mwatenga kuti zimenezi? Ndani wakuuzani kuti mutenge?" anatero m'Chizungu, n'kutsomphola mbale ija patebulo.

Abale inu, apa ndi pomwe ndikanafunsa. Funso limodzi lokha. Koma apongozi anali pompo, ndipo ine ndinali nditalalikira njira yonse za mafumu. Ndinaimirira, mpando mpaka kugwa.

"Iwe! Watisiya pano ngati tabwera kudzapempha. Moni sunatipatse. Bambo angawa atsala pang'ono kukomoka, ndiye ukulanda chakudya pakamwa pa munthu wamkulu? Kwanu mulibe akuluakulu? Ndiitanire manijala!"

Chizungu changa tsiku limenelo chinkatuluka chosapunthwa, moti ndinkadzimvera ndekha kukoma.

Kukhitchini kunatuluka mayi wachikulire, wamfupi, atavala epuloni. Anayang'ana kashelefu kopanda kanthu kaja, ndipo anakhala akukayang'ana kanthawi ndithu. Kenako anayang'ana apongozi, makamaka manja awo. Analankhula mawu ochepa m'chinenero chawo kwa mkulu uja, n'kuphatikiza manja pachifuwa, n'kuwerama, akumwetulira.

"Adadi akudwala? Shuga? Pepani, pepani kwambiri. Khalani, ndikubwera."

Sindinaonepo chisamaliro chotero. Posakhalitsa panafika phala la mpunga la nkhuku lotentha, kenako mpunga weniweni ndi ndiwo zopanda tsabola, kenako mango odulidwa kale. Anabweretsa kansalu konyowa kuti apongozi apukute kumaso. Makoko a nthochi aja anatola okha, ndi manja awiri, mosamala ngati akutola mazira. Ine ndinaona zonsezo n'kuganiza kuti aopa Chizungu changa.

Ndipo sindinakhutire. Ndikanangodya n'kunyamuka, bwenzi lero ndikugona tulo. Koma ndinati, "Mayi, inu ndinu munthu wabwino, koma wantchito wanuyu apepese kwa bambowa."

"Ndi mwana wanga," anatero.

"Ndiye bwino kwambiri. Apepese."

Anamuitana. Anabwera, nsagwada zitalimba, maso ali ofiira. Anaphatikiza manja n'kupepesa kwa apongozi, kenako kwa ine. Mayi aja ankangomwetulira. Potuluka ndinasiya tipu yooneka, kuti adziwe kuti sindisunga mangawa.

Tili pa msewu wobwerera ku South Bend, apongozi anakhosomola pang'ono n'kunena mawu amene ndinawadikira chikwatirire:

"Akamwini, lero mwachita chamuna. Mwana wanga ali m'manja abwino."

Ndinatsala pang'ono kuphonya msewu ndi chimwemwe. Kunyumba anabwerezanso kwa mayi a Tadala. Anaimbira foni kumudzi n'kufotokozera achimwene awo. Ineyo ndinalemba pa gulu lathu la Amalawi la pafoni kuti ku Lafayette kuli Athai achifundo, amaika zipatso zaulere pakhomo, musachite manyazi, muzingotenga.

Opaleshoni inayenda bwino. Patapita masabata tinapitanso kuti dokotala akaone maso, ndipo apongozi tsopano ankawerenga zikwangwani za pamsewu mokweza, chimodzi ndi chimodzi, ngati mwana wa sitandade wani. Potuluka anati, "Tiyeni tikawaone mayi achifundo aja. Ndikufuna ndiwaone nkhope."

Ulendo uno munali anthu ambiri. Titangolowa, apongozi anaima pakhomo. Kashelefu kaja anali atakakweza, kali pafupi ndi denga, poti ngakhale ine sindikanafikira. Iwo anakweza mutu n'kuyang'ana maluwa, utsi, mbale ya zipatso, chithunzi cha bambo wa taye. Anayang'ana nthawi yaitali. Munthu anakulira kumudzi, nsembe amaidziwa ngakhale itavala zachilendo.

"Akamwini," anatero osandiyang'ana, "nthochi zija munazitenga pati?"



"Pa… pakashelefu, bambo. Kanali mmunsi nthawi ija."

Mwana wa mayi uja anali atatizindikira kale. Anabwera ndi mapepala a zakudya, ulendo uno n'kupereka moni bwinobwino. Apongozi anamufunsa okha, ndi Chizungu chawo cha ahedi chija, kuti wa pachithunziyo ndi ndani.

"Ndi bambo anga," anatero modekha. "Anamwalira. Tsiku lomwe munabwera lija linali tsiku lowakumbukira. M'mawa tinali kukachisi, ndipo wotithandiza sanabwere. N'chifukwa chake ndinakuchedwetsani. Ndinalakwa." Anandiyang'ana pang'ono. "Tinakweza chifukwa kunabweranso anthu ena, akuti anamva kuti zipatso n'zaulere."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadyetsa apongozi, n'kuitananso mtundu wonse.

Ndinkadikira kuti mkulu wa mpingo aphulika. Munthu amene anakana kupita ku chiliza cha amalume ake enieni chifukwa kunali kuthira nsembe, lero wadya nsembe, wamwera ndi kapaipi, atapemphereranso. Ndinati basi, ukwati wanga wathera pa nthochi.

Koma iwo anangovula chipewa n'kupempha kuti mayi aja aitanidwe. Atatuluka, apongozi anagwada pansi, maondo akulira, pamaso pa anthu onse akudya, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono monga timachitira popepesa maliro.

"Mayi, tinadya za amuna anu osadziwa. Nanenso ndinaika mkazi wanga m'manda, ndikudziwa. Tikhululukireni."

Mayi aja anathamanga kudzawadzutsa, misozi ili m'maso, koma akumwetulirabe.

"Ayi, adadi, ayi. Zipatso zija timadya ndithu, timangodikira kuti timitengo tithe kufuka. Inu munali kudwala. Amuna anga akanakupatsani okha."

Ndinapuma. Ndinati nkhani yatha bwino. Ndinayamba ngakhale kukoka mpando. Apongozi anandigwira mkono.

"Inu simunathe. Munakalipa mokweza, mupepesenso mokweza."

"Bambo, muli anthu…"

"Tsiku lija munalibe makutu?"

Ndinaima pakati pomwe paja. Chizungu chija chinathawa chonse. Ndinachita chibwibwi, ndinabwereza mawu, thukuta likutsika mumsana, azungu atasiya mafoloko akundiyang'ana. Ndinapepesa chifukwa cha mbale, chifukwa chokuwa, chifukwa chomukakamiza kupepesa. Mkulu uja anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu.

"Palibe kanthu," anatero. "Mudya chiyani lero?"

Anatisamalira ngati abale. Madzi asanathe anali atathira ena. Chakudya chiyenera kuti chinali chokoma, poti apongozi anamaliza mbale yawo, koma ine ndinkangomeza.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Zikwangwani sanawerengenso. Ine ndinayesa kusalaza nkhani.

"Bambo, pepani kuti ndinakudyetsani nsembe."

"Imeneyo isakuvuteni. Ndinapempherera, ndipo ndikakambirana ndi Mulungu wanga. Kusadziwa si mlandu waukulu."  "Koma munthu akulira bambo ake, inu munamuimika pamaso pa mayi ake kuti akupepeseni. Ndipo simunachitire ine, akamwini. Munkafuna ndikuoneni. Ine n'kukuyamikirani, n'kuimba foni mpaka ku Ntcheu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mawu ndinanena tsiku lija ndabweza."

Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Ndikanakonda akanandimenya khofi.

Uthenga wa pagulu uja ndinaufufuta tsiku lomwelo, koma mukudziwa Amalawi, wina anali ataujambula kale, ndipo mpaka pano ku mapemphero amandipatsa nthochi ndi manja awiri. Ine masiku ano ngakhale switi ya kubanki ndimayamba ndafunsa kuti ndi ya ndani, moti atsikana a pakauntala amandiyang'ana modabwa.

Apongozi anabwerera kumudzi akuona bwino, mwina bwino kwambiri. Akaimba foni amafunsa za mwana wawo, amafunsa za Tadala, amafunsa za mayi a ku Lafayette ndi mwana wawo waulemu uja. Ine ndimakhala pambali ndikudikira. Pamapeto, mayunitsi akatsala, amati, "Akamwini aliko?" Mayi a Tadala akangoti aliko, iwo amati "Chabwino," n'kudula.