Nsidze za Wojambula Makapu

Bambo aja analibe nsidze, n'chifukwa chake msewu wonse unkawatcha aNsidze. Ankajambula maluwa ndi mbalame pa makapu adothi ndi mbale zamkuwa, ndi utoto wa ufa wagalasi umene suwala mpaka utasungunuka m'ng'anjo. Koma kudikira kunkawavuta. Ankatsegula kachitseko kuti asuzumire, moto n'kuwanyambita kumaso.

"Mudzapsa mutu wonse, inu!" ankakalipa akazi awo.

"Ndikapanda kuziyang'anira, mayi, mbalamezi ziuluka."

Nsidze zitatopa n'kumera, anayamba kuzijambula okha m'mawa uliwonse ndi kaburashi ka maluwa, malinga ndi mmene adzukira. Akazi awo ankangoyang'ana pamphumi n'kudziwiratu ngati tsikulo n'loseka kapena loyenda monyang'ama.

Tsiku lina mayi wogulitsa nsalu anabweza kapu.

"Ndinati duwa, osati kabichi!"

"Dikirani pang'ono."

Analowa kuseri, n'kutuluka ndi nsidze zakuda bii, zogundana pamwamba pa mphuno.

"Mumati chiyani, mayi?"

"Ndimati kabichi wake ngwokongola."

Paukwati wa mwana wawo bambowo anajambula nsidze zachimwemwe, zokwera m'mwamba. Kunatentha koopsa, ndipo pofika nthawi ya zithunzi thukuta linali litazitsitsira m'masaya. Akazi awo sanawayankhule masiku atatu.

ANsidze atamwalira, anthu anawasambitsa bwinobwino. Akazi awo atayang'ana m'bokosi mtima unawawawa: nkhope inali yosalala ngati mbale yosajambula, nkhope ya mlendo. Panja anthu anali atafola kale kudzatsanzika.

"Amenewa si amuna anga, sindingawatsanzike chonchi," anauza mlamu wawo. "Tsekani chitseko, alamu, mundipatse kaburashi kaja."

Zaka makumi anayi anakhala akutsuka maburashi, osajambulapo ngakhale tsamba limodzi. Ankafuna nsidze zachimwemwe zija, koma dzanja losazolowera linaphonya. Imodzi inakwera, inzake inagwa, ndendende munthu wotsinzina diso limodzi akusuzumira m'ng'anjo.

Woyamba kulowa anali mayi wa nsalu uja. Anawerama akulira, kenaka anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Mzere wonse unatero, ndi abusa omwe.

Lero ng'anjo inazizira, ndipo palibenso wodutsa amene amasuzumira pazenera kuti aone pa nsidze zija ngati kwacha bwino. Akazi a aNsidze amamwabe tiyi m'kapu ya kabichi, poti mwini wake anawabwezera pamaliro. Akuti chimene amasowa kwambiri si mawu a amuna awo ayi. N'chakuti m'mawa akadzuka sadziwanso kuti tsiku likhala lotani.