Nkhuku, chimanga ndi kalasi ya Giredi 12

Lolemba

Ahedi alengeza: temu ikubwerayi bayoloje ya Giredi 12 aphunzitsa munthu mmodzi, ine kapena Madamu Zulu. Loweruka aliyense aonetse pamaso pa aphunzitsi momwe angaphunzitsire mutu wa kusintha kwa zamoyo. Wogwa atenga dimba la sukulu. Khasu, keni, repu.

Ana amenewa ndili nawo kuyambira Giredi 10. Sindikufuna kuwasiya.

Ndiye pulani. Zongojambula pabolodi ine ayi, ndionetsa umboni. Ganizo lake: chooneka msanga chimadyedwa msanga, chobisika chimatsala n'kubereka. Pabwalo panga ndi pakatondo, pofiira. Ndimwaza chimanga choyera ndi cha orenji, ndisiya nkhuku zidye, ndiwerenga chotsala. Choyera chiyenera kutha poyamba. Chikapanda kutero ndiye kuti ganizo langa lagwa, ndipo ndilemba kuti lagwa. Sayansi ndi yomweyo.

Zofunika:
njere zoyera 100 patsiku
njere za orenji 100 patsiku (ndagula pamsika wa Sinda)
zikhomo zinayi ndi chingwe
nkhuku: yanga imodzi yamawanga, zisanu za a Sakala oyandikana nawo nyumba, zimene zimabwera zokha tsiku lililonse osaitanidwa
wotchi

Mzungu wa ndevu amene anatchukitsa nkhaniyi anasunga ganizo lake zaka makumi awiri asanalitulutse, uku akuweta nkhunda. Ine ndili ndi masiku asanu. Palibe kanthu.

Lachiwiri

6 koloko m'mawa. Ndakhoma zikhomo, ndamanga chingwe, ndamwaza. Ndikuzipatsa mphindi khumi.

Mphindi zitatu, mbee! Choyera: 0. Cha orenji: 0. Tambala wa a Sakala akujompha ndi chingwe chomwe.

Mitundu yonse iwiri yatheratu. Zimachitika, m'buku muli zamoyo zambiri zimene zinatha chomwechi. Koma si zimene ndikufuna kuonetsa Loweruka.

Phunziro: nkhuku ya njala siona mtundu. Mawa nkhuku imodzi yokha, yanga, ndipo iyambe yadya gaga.

Kusukulu Madamu Zulu akujambula tchati chachikulu cha agulugufe akuda ndi oyera pamtengo, chokopera m'buku. N'chokongola, ndisaname. Agulugufewo sanawaonepo.

Lachitatu

Ndamwaza mamawa. Ndalowa m'nyumba kukatenga wotchi, wotchi sikuoneka, ili m'thumba la malaya ochapa. Ndikutuluka, mkazi wanga, amake Tamara, ali m'kati mwa chingwe, tsache kukhwapa, akutola.

"Chakudya sachitaya pansi, a tate ake Tamara. Anthu aziti chiyani?"

Ndikuwerenga zili m'mbale mwawo: choyera 94, cha orenji 11. Ndikubwerezanso. Chimodzimodzi! Ndendende zimene ndinalosera! Ndawafunsa chifukwa chake asiya cha orenji.

"Sindinachione. Komanso ndani angadye zimenezo?"

Vuto ndi limenelo. Sanachione, kapena sachifuna? Zifukwa ziwiri, zotsatira zimodzi, sindingathe kuzilekanitsa. Komanso pakope ndinalemba kale kuti wodya ndi nkhuku.

Amake Tamara akuti: "Ingolembani kuti ndi nkhuku. Ndani akaifunse?"

Ndakhala ndi cholembera m'manja nthawi yaitali ndithu. Manambala abwino ngati awa! Ndalemba: "Watola ndi munthu. Sizikuwerengedwa."

Amake Tamara aika choyeracho m'thumba lopita kuchigayo.

Lachinayi

Nkhuku za a Sakala lero sizinabwere. Azitsekera m'khola. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo masiku awiri akhala akuona mphunzitsi atagwada m'kati mwa zikhomo zinayi, dzuwa lisanatuluke, akunong'ona yekha. Kuchitsime yamveka kale kuti ndikukhwimira udindo kusukulu.

Abwera okha, aima kunja kwa chingwe, patali.

"Aphunzitsi, akuti mukuphunzitsa ana kuti agogo athu anali anyani?"

Ndawafotokozera bwinobwino. Si agogo ayi. Ife ndi anyani tinachokera kwa kholo limodzi kalekale, ndiye ndi achibale akutali basi.

"Oho. Ndiye akamalowa m'munda mwanu musamawathamangitse, ndi abale."

Apita.

Koma kusowa kwa nkhuku zawo kwandithandiza. Yamawanga yokha, yokhuta gaga, mphindi zisanu. Yadya choyera 38, cha orenji 9. Eyaa! Ndavina pang'ono kuseri kwa bafa.

Kenako ndakhala pansi. Nkhuku imodzi, tsiku limodzi. Mwina imeneyi ingokonda choyera chifukwa ndi chimene inakulira. Pofunika:
kubwereza, kangapo
kuyesanso pa phulusa loyera, tione ngati cha orenji ndicho chithe
nkhuku yomweyi, kuti zonse zifanane

Mawa masana ndikaweruka. Ndauza amake Tamara kuti asasese.

Lachisanu

Ndauza amake Tamara za tsache. Za mpeni sindinawauze.

Ndikufika kuchokera kusukulu, njinga yamoto ikutuluka pabwalo. Apongozi, amayi a mkazi wanga, afika kuchokera ku Vubwi osatumiza mawu. Akhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Kuseri kwa khitchini nthenga zamawanga mbwee!

Amake Tamara akuti: "Amayi achoke ku Vubwi konse kuja adzadye masamba a chibwabwa?"

N'zoona, sizingatheke. Ndikanakhala pakhomo ndikanaigwira ndine.

Ndalonjera apongozi chapatali, nditanyonyomala, maso pansi, monga mwa mwambo. Andiyamika kuti nkhuku ndi yonona, ndimadziwa kudyetsa ziweto.

Ganizo lomaliza: m'mawa inatola njere zotsala dzulo, ndiye mwina m'nthutumba muli kanthu kowerenga. Ndanong'oneza amake Tamara. Nthutumba atsuka kale, ili m'mbale ya mlendo, ndipo palibe mkamwini amapempha nthutumba m'mbale ya apongozi.

Ndapita kwa a Sakala kukabwereka nkhuku imodzi. Akuti zonse zikudwala. Ndikuzimva zikulira m'khola, zamphamvu bwino.

Pachakudya kunyumba, ine andipatsa khosi la yamawanga ija. Inali yokoma, zimenezo ndilembe.

Loweruka

Madamu Zulu ayamba. Tchati, ndodo yolozera, mphindi khumi ndi zisanu. Agulugufe oyera adyedwa, akuda atsala, palibe chavuta. M'manja phuphuphu.

Ine ndalemba pabolodi:
Lachiwiri: zonse zadyedwa
Lachitatu: 94 ndi 11, koma watola ndi munthu
Lachinayi: 38 ndi 9, kamodzi kokha
Lachisanu: nkhuku yadyedwa

Aphunzitsi aseka mpaka wa masamu watuluka panja. Ndadikira. Ndafotokoza kuti ngakhale mzungu wa ndevu uja analemba yekha mutu wonse wa zinthu zimene zinkavutitsa ganizo lake, sanazibise. Mwana akaphunzira kunena kuti "apa sindinatsimikize", waphunzira sayansi.

Ahedi: "Ndiye mwatsimikiza chiyani, mwachidule?"

"Pakadali pano palibe, bwana."

"Mayeso a boma safunsa zimenezo."

Safunsadi.

Potuluka ahedi andikokera pambali. Akuti ndikanangoonetsa za Lachitatu ndi Lachinayi, zinazo n'kuzisiya kunyumba, kalasi inali yanga. Anali atandisankha kale mumtima.

Ndathokoza. Andipatsa kiyi wa mosungira makasu.

Lamulungu

Kutchalitchi a Sakala apempherera "ena mwa ife amene akufunafuna zinthu pansi". Amen wamkulu wachokera kwa apongozi, amene sakudziwa kuti akunena ndani.

Masana ndaperekeza apongozi pamsewu. Amake Tamara akuti pepani, sanadziwe kuti ntchito yanga yonse ili pa nkhuku imodzi. Nanenso sindinadziwe.

Ndasonkhanitsa makope a Giredi 12, mawa ndikawapereke kwa Madamu Zulu. Ndawatsegula limodzilimodzi. Malembedwe a aliyense ndimawadziwa osayang'ana dzina. Zikundiwawa, ndisabise. Njira yoti anawa akhalebe anga inalipo, ya mzere umodzi, kungolemba kuti Lachitatu inatola ndi nkhuku, ndipo palibe akanadziwa.

Ndawamanga ndi mphira, ndawaika pakhomo kuti ndisawaiwale.

Mawa 6 koloko, kuthirira repu.