Karapau wa pa Khoma la ku Chipera

Inu a mafoni m'manja, amene mukuti kutsatsa malonda kunabwera ndi wailesi, khalani pansi. Wokayika apite ku Chipera akagwire khoma ndi dzanja lake, likadalipo.

Nkhondo itatha ndinabwerera ndekha kuchokera ku Zambia, chifukwa mkazi wanga, make Zuze, anakanitsitsa: "Kumene kulibe mchere ndi sabawu wochapira ine sindipondako. Katseguleni kantina kaye, bambo." Kantina! Ndinapeza khoma lopsa lopanda denga, mkati mutamera nsatsi, katundu wanga yense ali pakamwa pangapa.

Ndiye ndinaswa mapilya, mabatire akale a wailesi, makala ake n'kusakaniza ndi phulusa ndi dothi lofiira, tinta wolembera n'kupezeka, ndipo ndi zilembo zimene ndinaphunzira pa matumba a chimanga chachithandizo ndinalemba pakhomapo kuti ZONSE ZILIPO, m'munsi mwake n'kujambula nsomba ya karapau, karapau wonona, wa diso lonyowa. Mukumva? Tinta asanaume, amphaka a mudzi wopanda anthu anali atafola mzere, ntchentche zinachoka ku Malowera wapansi mapiko atatopa, ndipo fungo la nsombayo linakwera mapiri, n'kudutsa malire popanda chikalata, magwarda n'kulichitira sawasha, mpaka linakalowa m'misasa ya othawa nkhondo ku Zambia, kumene anthu anayamba kusunsa mbamu mumphepo n'kumanyambita zala!

Ndikanama mtanda wa padiri undigwere. Mayi wina wa mudzi woyandikana nawo anagula mutu wa nsombayo ndi maso okha, anakakazinga kwawo, ana n'kukhuta, m'mawa n'kubwera kudzadandaula kuti inali ndi minga yambiri. Ndinamuikira mchira ngati basela, anachoka akuvina.

Anthu atamva kuti zonse zilipo anayamba kubwerera, ndipo poti kumsika sapita chimanjamanja, uyu anasenza nkhuku, uyu singano, uyu nsalu ya kapulana, winayo njinga yopanda tcheni, n'kumagulana okhaokha patsinde pa khoma langa uku akunditama ine kuti kantina yanga ndi yodzaza. Munthu, abale anga, sagula chinthu ayi. Amagula njala imene wamuthira m'maso. Mukumva?

Koma amene ndinamutchera msamphawo sankaoneka. Anthu a eni akubwera, nkhuku za eni zikubwera, wanga zii. Ndinanenepetsa nsombayo mpaka khoma linayamba kupendama ndi mafuta.

Tsiku lina ndikuona make Zuze uyo, mtolo pamutu. Ndinatukumula chifuwa.

"Mwawerenga, mayi? Zonse zilipo!"

"Ine kuwerenga ndinayamba liti? Ndipatseni mchere."

Ndinaloza khoma. Anayang'ana karapau, anayang'ana ine, n'kumasula mtolo: mchere, sabawu, ndi chingwe chomangira ng'ombe.

"Nanga chingwechi n'cha chiyani? Ng'ombe tilibe."

"N'chanu. Kumsasa konse akuti bambo a Zuze apenga, akudyetsa anthu khoma. Ndabwera kudzakumangani."

Mchere umenewo ndiwo unatsegula kantina, ndipo mwini wake mpaka lero ndi iyeyo. Ine yanga ndi kupakanso nsomba mvula ikatha. Sekani, sekani ndithu, koma mundiyankhe: anabwera kapena sanabwere? Kutsatsa ndi kumeneko! Kuti anakopeka ndi nsomba kapena ndi misala, zimenezo n'zake.

Tsitsani mawu pang'ono. Chingwe chija chikadali pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndikangoyamba nkhani imeneyi, make Zuze amachiyang'ana.