Tsiku Limene Ndinazimitsa Phokoso la Zipani Ziwiri

Amene akukayika akafunse ku Mtengowanthenga, ine sindikweza mawu, sindinakwezepo. Zinali zaka zoyamba za zipani zambiri. Mwana wanga Tadala anali atangotuluka m'chipatala, malungo atamusiya ngati kachingwe, ndipo anamwino anandichenjeza kuti akapanda kupeza tulo ndibwerera naye. Tinafika pamsika kudikira matola, n'kupeza malole awiri a zipani ziwiri, ina uku ina uko, iliyonse ndi chimkuzamawu chake, phokoso loti nkhuku zinkaikira mazira osweka kale.

Ine ku sekondale sindinkasinza. Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti mawu ndi mafunde, ndipo mafunde awiri akakumana, msana wa lina n'kugwera m'chigwa cha linzake, onse amazimirira. Ndiye ndinabereka mwana bwinobwino, ndinanyowetsa chala kuyeza mafundewo, ndinapeza kuti akuphonyana pang'ono chabe, ndinapita pa lole ya kumanja, yodzaza ndi amayi ovina, ng'oma ndi matumba a chimanga, n'kuikankha ndi chiuno theka la phazi. Mukumva? Malonjezo a uku anagwera m'malonjezo a uko, pamsika ponse zii. Andale ankatsegulabe pakamwa, osatuluka kanthu.

Ndipo bata limenelo linali logwirika. Aphunzitsi omwewo ankati mkati mwa zinthu zolimba, malo amene kanthu kachokapo amayenda okha ngati kanthu, ndipo amalemera. Nalo bata ndi malo amene phokoso lachokapo. Ndinalitola batalo, lolemera ngati dzungu, lozizirira, ndinalikulunga m'chitenje n'kutsamiritsa mwana, lotsala ndinabenthulira mayi wina wa ku Dzaleka amene mapasa ake ankalira, kachidutswa kena kanagwa, kanalowa m'mwala, kanayenda pansi pa mapiri mpaka ku Ntchisi, kumene mpaka lero kuli tambala amene m'mawa amangoyasamula.

Tadala anagona mpaka kwathu, ndipo kuchipatala sitinabwererenso.

Mlamu wanga, amene anandiperekeza tsikulo, amafotokoza zina. Amati bambo woyang'anira chimkuzamawu china, ataona mwana khosi lili lende kumsana kwanga, anazula waya pa batire n'kukodola mnzake wa chipani chinacho, nayenso anazula. Zoti anazula ndinaona, ndipo mmodzi wa iwo anandisunthira mpando wake, nati, "Khalani apa mayi, pali mthunzi." Koma loleyo ndinaikankha ndine. Chiuno chimandipwetekabe kunja kukazizira.