Gilisi pa bulauzi ya kwaya

Lolemba
Ndikukonza tcheni cha njinga pansi pa chingwe choyanikapo zovala. Mphepo yagwetsera bulauzi yoyera ya akazi anga, amake Dalitso, pa tchenipo. Banga la gilisi pachifuwa penipeni. Iwo ali ku Bundabunda kwa amayi awo, abwera Loweruka, ndipo Lamulungu ndiwo atsogolera kwaya. Sindikuda nkhawa. Ndimaphunzitsa kemisitiri ine.

Lachiwiri
Madzi okha akanika, monga ndauzira ana m'kalasi m'mawa uno. Madzi ndi pola: tizigawo take tili ndi mbali ziwiri zokoka ngati maginito, n'chifukwa chake amasungunula mchere ndi shuga. Gilisi ndi nonipola, alibe mbali yoti madzi agwirepo. Chilichonse chimasungunuka mwa chinzake chofanana nacho. Mawa palafini!

Lachitatu
Palafini wasungunuladi gilisi. Wamumwazanso. Banga linali ngati chivindikiro cha botolo, tsopano lafanana ndi mbale. Nyumba yonse ikununkha.

Lachinayi
Sopo: tizigawo take tili ndi mutu wogwira madzi ndi mchira wogwira mafuta. Ndachikicha mpaka zala kusupuka. Banga lazilala pang'ono, koma lafika kukhwapa. Ba Mutinta, oyandikana nafe, asuzumira pampanda: "Ba tichala, nipaseni nichape chabe." Ndakana mwaulemu. Ndatopa.

Lachisanu
Ndabwera ndi thina, mankhwala osungunulira penti, kuchokera kuboma. Zimene wasungunula:
gilisi, pafupifupi yense;
chizindikiro cha kwaya chodindidwa pathumba;
mabatani atatu.
Ndinaiwala kuti pulasitiki nayenso ndi nonipola.

Loweruka
Amake Dalitso amva fungo ali pageti. Aitambasula bulauziyo padzuwa, aitembenuza kawiri. Ndayamba kufotokoza za mbali ziwiri za madzi. Andisiya ndilankhule mpaka kumapeto, kenako afunsa motsitsa mawu: "Ndiye izi n'zimene mumaphunzisa ana a anthu?" Atuluka kukagogoda kwa ba Mutinta.

Lamulungu
Atsogolera kwaya atavala bulauzi yobwereka, yothina m'mapewa, manja sakukwezeka bwino. Ine ndakhala benchi lakumbuyo. Kumanzere ndi kumanja kwanga kulibe munthu, palafini sanachoke m'manjamu. Potuluka azimayi onse akundipatsa moni mwansangala yachilendo. Nkhani yafika kale.

Masana ndikuchonga mayeso. Funso lachitatu: tchulani chochotsera gilisi pansalu. Kalasi yonse yalemba palafini. Ndawachonga onse kuti akhoza. Ndinawaphunzitsa ndekha.