Kabotolo Kofiira ka a Fanwell

Inu, sunthani pang'ono ndikhale, minibasi ya ku Lusaka iyi sidzaza msanga. Mukuwaona abambo akudutsa apowo, a jekete yabuluu, akuponya manja ngati msilikali? Ndi a Fanwell Mbewe a ku Estates, kuno ku Kafue. Dikirani pang'ono, muona amayi achikulire a chitenje chobiriwira akubwera patali kumbuyo kwawo. Awo ndi apongozi awo. Anthu awiriwa akuti akulimbitsa thupi. Tamverani ndikuuzeni.

A Fanwell ndi mwana wa kum'mawa, makolo awo anabwera kuno ndi ntchito ya njanji, iwo amakonza makina ku Industrial. Chaka chatha anachita chizungulire kuntchito, kukiliniki anawapeza ndi BP. Akazi awo, Olipa, sanachite nazo nthabwala, chifukwa atate ake anapita ndi matenda omwewo. Tsiku lomwelo mchere unatuluka m'nyumba, saladi, mafuta ophikira aja, anatsatira. Kunatsala chibwabwa chowiritsa, masamba a maungu aja, nsomba yowiritsa, ndi nkhuku yosendedwa khungu, yotuwa ngati nayonso yachokera kukiliniki.

"Mukayamba kudya vamchere kumbali," anatero Olipa, "muniuze chabe nigule chitenje chakuda. Ninaika atate m'manda, sinifuna kuika na imwe."

A Fanwell analumbira pamaso pa ana awo, Chiko ndi abale ake. Ndipo ankatanthauza, inu, kwa mlungu wathunthu ankatanthauza. Koma nesi anali atawauzanso kuti aziyenda pansi, ndipo msewu wochokera ku Estates, ukautsata mokhulupirika, umakufikitsa pafupi ndi siteshoni, pamene pali kalesitilanti ka ba Elina.

Ba Elina ndi mayi wa ku Kasama, mawu ake ngati hutala ya thiraki. Malo ake ndi a matebulo ochepa, fuliji imodzi yolira, ndowa ya mpopi yosambira m'manja, ndi khomo limodzi. Khomo limodzilo mulikumbukire. Ine ndimadya pomwepo masana, chifukwa chibwerereni kuchokera ku migodi ndilibe wondiphikira, ndiye zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso anga.

Loweruka lililonse a Fanwell ankafika ali thukuta kamukamu, n'kukhala pakona pafupi ndi fuliji. Ba Elina ankawalemekeza kwambiri, mpaka anawasungira kabotolo kawokawo ka mchere, ka chivundikiro chofiira, kamene sikapita patebulo la munthu wamba. A Fanwell ankakagwedeza pamwamba pa nyama ndi dzanja lonse, maso ali chotseka, ngati akuimba kwaya.

Tsopano kunyumba kunabwera mlendo. Amayi a Olipa, a Tinenenji, anachokera ku Katete kudzakhala pafupi ndi chipatala, nawonso BP. Mukudziwa mwambo wa kwathu: mkamwini sadya apongozi akuona, sawayang'ana kumaso, ndipo mawu amadutsira mwa munthu wina. Kunyumba a Fanwell anasamukira pakhonde ndi mbale yawo. Mumtima ankadziwa chinthu chimodzi, kuti maso a Olipa achoka pa awiri afika pa anayi.

Loweruka lina nyama ya tiboni inafika yotakata ngati chikhatho cha kondakitala, supu ikunyezimira. A Fanwell anasamba m'manja, anagwedeza kabotolo, anatema nshima, anaiumba bwino, anaiviika. Dzanja lili m'njira yopita kukamwa, pakhomo panada. Analowa a Tinenenji, chikwama kukhwapa, n'kukhala patebulo la pakhomo penipeni.

Sanawaone, poti maso anali akadali ndi dzuwa la panja. Koma a Fanwell anauma. Kuika nshima ija m'kamwa, ndi kudya pamaso pa apongozi. Kuibwezera m'mbale, ndiye kuti mbaleyo ndi yawo. Anaitsitsa pang'onopang'ono pansi pa tebulo n'kuiponya m'thumba la thalauzi. Nshima ya ba Elina, inu, imachoka pambaula n'kufika patebulo ikadali ndi mkwiyo. Mwendo unayamba kuvina wokha.

Munthu wanzeru akanasiya zonse n'kuganiza zothawa. A Fanwell anayang'ana tiboni ija, tiboni nayo inawayang'ana. Anaikulunga mu nyuzipepala n'kuilowetsa m'thumba la mkati la jekete, kenako anawerama n'kuzembera kukhichini, poganiza kuti kumbuyo kuli potulukira. Anapeza khomo la kumbuyo latsekedwa ndi matumba a makala mpaka kudenga, ndipo zenera lili ndi zitsulo.

"Ba Fanwell, mufuna nchito?" anafunsa mayi wina wophika, mthiko uli m'manja. "Ngati mufuna, yambani na mapoto."

A Fanwell anaika chala pamlomo kuti mayiyo akhale chete. Nthawi yomweyo utsi wa tsabola wokazinga unawalowa pakhosi, ndipo anatsokomola. Chifuwa cha a Fanwell sichisokonekera ndi cha munthu wina, chimayamba ngati injini yokana kulira n'kuthera m'kamluzu. A Tinenenji ankachimva m'mawa uliwonse kuseri kwa khoma. Ndinaona khosi lawo likuwongoka.

Apo ba Elina anamaliza zonse ali pakauntala. "Ba Fanwell, shani? Mwasiya nshima, nyama mwapeleka kuti? Simunakonde lelo?"

Panalibenso pobisala. Anatuluka m'khichini, mphaka wa pamalopo akuwatsata pambuyo, mphuno ili m'mwamba. Kuti afike pakhomo anayenera kudutsa pa apongozi, ndipo munthu woleredwa bwino sadutsa chiimire. Ananjuta, nkhope anailozetsa kukhoma, n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu. Kuomba koyamba, jekete inatseguka. Kuomba kwachiwiri, nyuzipepala inasuzumira. Asanamalize moni, tiboni inatsetsereka n'kugwa pasimenti pakati pa iwo ndi mapazi a apongozi. Mphaka sanadikire pemphero.



A Fanwell anaona kale zonse: nkhope ya Olipa, ana amene anamva lumbiro lija, chitenje chakuda. "Ba Elina," anatero akuyang'anabe khoma, "muwauze amai kuti ninangopatuka kupempha manzi yakumwa."

A Tinenenji anatembenukira kuzenera. "Muwauze atate a Chiko kuti sindinadziwe kuti madzi a ku Kafue amakhala ndi fupa."

Ba Elina sanapereke uthengawo, chifukwa manja anali otangwanika. Anatulukira ndi thireyi n'kuitsitsa patsogolo pa a Tinenenji: nshima, ndi mbale ya vimbombo, mapazi a ng'ombe ophikidwa mpaka kumata milomo. "Amama, vanu ivi, monga masiku onse. Supu naikako yambili."

Monga masiku onse. A Fanwell anawamva mawuwo akulowa m'khutu ngati nyimbo. Anakumbukira kuti m'mawa apongozi anatsanzika kuti akupita kukiliniki kukapimitsa.

"Ba Elina," anatero mofatsa, "muwafunseko amai kuti kukiliniki ayenda bwanji."

A Tinenenji anakonza mpango kumutu. "Muwauze kuti mzere unali wautali." Anapumira m'mwamba. "Muwauzenso kuti mwana uja ndinabala ndine, ndimamukonda, koma chibwabwa chake chimamveka ngati ukutafuna chitenje chonyowa. Ndipo achotse chimene chikuwaotcha m'thumbamo, mwendo ungapse."

Ba Elina anaseka mpaka kugwira kauntala. Kenako anakoka matebulo awiri, anatembenuza mipando kuti ipatsane misana, wina kuyang'ana fuliji, wina kuyang'ana msewu. Mwambo sunaphwanyidwe ngakhale pang'ono, palibe anaona mnzake akudya. Kabotolo kofiira kokha ndi kamene kanayenda ulendo, kuchoka tebulo ili kupita linalo, kudzera m'manja mwa ba Elina.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse amatuluka kukayenda, mkamwini patsogolo, apongozi patali kumbuyo. Ku Estates anthu amawaloza ngati chitsanzo cha banja.

Nkhani ikanathera pomwepa, koma tsiku lina ndiwo zanga zinachepa mchere, ndipo kabotolo kofiira kanali kataiwalika patebulo loyandikana nalo. Ndinakagwedeza. Ndinakagwedezanso. Panagwa timchere tosakwana ndi kudyetsa nyerere. Nditayang'anitsitsa, mabowo onse anali omatidwa ndi phula la kandulo, kupatula limodzi.

"Ba Elina, aka kafa," ndinatero.

Anakalanda msanga n'kuyang'ana pakhomo. Kwa nthawi yoyamba ndinamva ba Elina akunong'ona. "Sikanafe. Anamata ni ba Olipa na manja yao."

Akuti Olipa anamva fungo la supu pa jekete ulendo woyamba womwe, ndipo Lolemba lake anafika pa lesitilanti. Sanakalipe. Anakhala pansi n'kupempha kuti nyama ya amuna ake aziichotsa mafuta n'kuiphika pa kapoto kapadera kopanda mchere. Amayi ake atayamba maulendo awo a kukiliniki, anabweranso n'kuwonjezera vimbombo pa kapoto komweko.

"Ndiye anthu awa akudya zomwe amathawa kunyumba?"

"Vamene ivo. Koma kuno amanyambita na mbale."

"Nanga bwanji osangowauza?"

"Akuti akawauza, azaleka kuyenda."

Ndi awo akukhota pa siteshoni, taonani mmene akufulumirira. BP akuti inatsika, ndipo a Fanwell amauza anzawo kuntchito, monong'ona, kuti madokotala amakokomeza nkhani ya mchere.

Ine ba Elina anandibweretsera kabotolo kena, ka anthu wamba. Kameneko kamatulutsa bwino, mabowo onse ali pululu. Palibe amene anabwera kudzakamata.